Mmene Mungapezere ndi Kuonerera Kakwiyo M'tchire Osamusokoneza

Munthu amene akufuna kuona kakwiyo ndi maso ake masiku ano safunikanso kutuluka m'Malawi. Nyama imeneyi, imene otsogolera alendo ambiri amaitchula kuti cheetah, inali itasowa m'dziko muno kwa zaka pafupifupi 20, kufikira mu 2017 pamene bungwe la African Parks, mogwirizana ndi la Endangered Wildlife Trust ndiponso nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, linatenga akakwiyo anayi ku South Africa n'kukawaika m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde. Mu 2019 ena anaikidwa ku Majete, m'boma la Chikwawa. Ku Zambia akakwiyo amapezeka ku Kafue ndi ku Liuwa Plain, ndipo mu 2020 anabwezeretsedwanso ku madambo a Bangweulu. Komabe kukhala ndi nyamayi pafupi sikutanthauza kuti aliyense wolowa m'nkhalango aiona, ndiponso ambiri amene amaiona amaichita chipongwe mosadziwa, chifukwa cha chidwi chofuna kuyandikira kwambiri. Kakwiyo ndi nyama ya liwiro loposa zonse zoyenda pamtunda, koma mphamvu zake ndi zowerengeka, ndipo chilichonse chimene woonerera angachite chiyenera kuyambira pa mfundo imeneyi.

Kumusiyanitsa ndi nyalugwe

Choyamba n'kutsimikiza kuti chimene mukuonacho ndi kakwiyodi, pakuti anthu ambiri akaona nyama ya mawanga amangoti ndi nyalugwe kapena kambuku. Yang'anani nkhope. Kakwiyo ali ndi mizere iwiri yakuda yochokera m'mbali mwa maso chakumphuno n'kutsika mpaka kumapeto kwa milomo, ndipo nyalugwe alibe mizere yotere. Kenako yang'anani mawanga: a kakwiyo ndi madontho akuda bii, obulungira, lililonse lili palokha, pamene a nyalugwe, makamaka a pamsana ndi m'nthiti, ndi timadontho tingapo tozungulira malo ofiirira pakati. Mukakhala patali moti mawanga sakuoneka, kaumbidwe ka thupi kakuuzani. Kakwiyo ali ndi mutu waung'ono, miyendo yaitali yowonda, chifuwa chakuya ndi chiuno chopyapyala, ndipo wamkulu kawirikawiri amalemera makilogalamu apakati pa 35 ndi 60. Nyalugwe ndi wojintcha, wa khosi lalikulu ndi miyendo yaifupi, ndipo amatha kukweza nyama imene wapha pamwamba pa mtengo, chinthu chimene kakwiyo sachita. Mukaona nswala yakufa ili pa nthambi, dziwani kuti mwini wake ndi nyalugwe. Njuzi nayo ili ndi madontho, koma ndi yaing'ono, ya makutu aakulu ndi mchira waufupi.

Mapazi a pamchenga amafuna diso lophunzira. Mikango ndi anyalugwe akamayenda amabisa zikhadabo, choncho m'mapazi awo simuoneka zikhadabo. Zikhadabo za kakwiyo sizibisika kwathunthu, zimagwira nthaka ngati misomali ya kunsi kwa nsapato za mpira, ndipo zimasiya timabowo kutsogolo kwa zala. Vuto n'lakuti fisi ndi mimbulu nazo zimasiya zikhadabo. Kuti musasokonezeke, yang'anani kumbuyo kwa chikhatho cha phazilo: cha kakwiyo chili ndi timapiri titatu monga zilili nyama zonse za mtundu wa mphaka, pamene cha fisi ndi cha m'mbulu chili ndi tiwiri. Makutu nawo akuthandizeni. Kakwiyo sabangula. Mayi akamaitana ana, kapena wamwamuna akatayana ndi anzake, amalira kamawu kakuthwa kofanana kwambiri ndi ka mbalame, moti munthu wosadziwa amayang'ana m'mitengo pamene nyamayo ili mu udzu.

Nthawi ndi malo omufunira

Pitani m'nyengo ya chilimwe, kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala, pamene udzu wauma n'kufupika, misewu ya m'nkhalango ikupitika, ndipo nyama zodya msipu zikusonkhana kufupi ndi madzi. Kakwiyo amasaka makamaka masana, mosiyana ndi mikango ndi afisi, ndipo nthawi imene amakonda ndi m'mamawa dzuwa likangotuluka komanso madzulo kukayamba kuzizira, ngakhale kuti mwezi ukawala bwino amasakanso usiku. Dzuwa likafika paliwombo amagona pamthunzi wa chitsamba, mutu wokha uli m'mwamba, ndipo mungamudutse pafupi osamuona. Choncho khalani pachipata nthawi imene akutsegula, ndipo tengani wotsogolera alendo wa pamalopo, chifukwa iye amadziwa kumene nyamazi zaonekera masiku apitawa.

Musathamangitse galimoto poganiza kuti mukayenda mtunda wautali ndiye kuti muona zambiri. Imani pamene tchire la mitengo likuthera n'kuyamba chigwa chopanda mitengo, monga m'zigwa za m'mbali mwa mtsinje wa Shire ku Liwonde, ndipo ndi magalasi oonera patali muyang'ane chulu chilichonse, mtengo uliwonse wogwa, ndi mthunzi uliwonse. Kakwiyo amasaka ndi maso osati ndi mphuno, n'chifukwa chake amakonda kukhala pamalo okwera n'kumaunguza chigwa chonse. Muziyang'ananso nyama zimene iye amadya. Nswala zikasiya kudya, zonse n'kupenya mbali imodzi makutu ali tcheru, zina zikufwenthera mwamphamvu, pali chimene zaona, ndipo maso anu atsate kumene maso awo aloza. Anyani akamabwebweta ali m'mitengo, kapena miimba ikamatsika motsatizana pamalo amodzi, ndi zizindikiro zoyenera kuziimira. Za miimbazi n'zosangalatsa kuti ku Liwonde inali itasowa, ndipo inayamba kuonekanso akakwiyo atabwerera, popeza tsopano m'tchire mumatsala nyama yoti idye.

Mukamupeza, yang'anani mimba yake musanaganize zochoka kapena zodikira. Ngati ili yotupa n'kulendewera, wadya posachedwa ndipo tsiku limenelo angogona. Ngati ili yophwa, yolowa m'kati kufupi ndi miyendo yakumbuyo, ndipo iye akudzukadzuka, kuyasamula, kudziwongola n'kumasuzumira kutali, zimitsani injini mudikire, chifukwa angayambe kusaka.

Pamene akusaka

Apa ndi pamene woonerera ayenera kudziletsa kwambiri, ndipo kudziletsako kumabwera mosavuta ngati mukumvetsa zimene zikuchitika m'thupi la nyamayo. Kakwiyo sayamba ndi liwiro. Amayamba ndi kuwenderera, mutu uli pansi molingana ndi mapewa, maso ali pa nyama imodzi imene wasankha, kawirikawiri imene yapatuka pagulu kapena imene ikudya mosasamala. Nyamayo ikadzutsa mutu iye amaima chilili, ngakhale mwendo uli m'malere, ndipo ikaweramanso amapitiriza. Zimenezi zingatenge nthawi yaitali, ndipo cholinga chake n'chakuti ayandikire ndithu asanadziulule, chifukwa liwiro lake silikhalitsa. Mpikisano weniweniwo kawirikawiri umatha mamita 200 kapena 300 okha, mphindi imodzi isanakwane.

Ambiri amangodziwa kuti kakwiyo amathamanga pafupifupi makilomita 100 pa ola, ndipo n'zoona: mu 2012 kakwiyo wamkazi wotchedwa Sarah, wa kumalo osungira nyama a Cincinnati ku America, anathamanga mamita 100 m'masekondi 5.95. Koma kafukufuku amene Alan Wilson ndi anzake a ku Royal Veterinary College anatulutsa mu 2013, ataveka akakwiyo am'tchire a ku Botswana malamba a pakhosi oyeza liwiro, anaonetsa chinthu chofunika kuposa pamenepo. Liwiro lalikulu limene anayeza linali makilomita 93 pa ola, koma pa maulendo ambiri osaka nyamazo zinkathamanga mocheperapo kwambiri, ndipo chimene chinkapambanitsa kakwiyo chinali kutha kuyamba liwiro mwadzidzidzi, kulichepetsa mwadzidzidzi, ndi kukhota pamene nswala yakhota. Thupi lake lonse linaumbidwira ntchito imeneyi. Msana wake umapindika n'kutambasuka moti sitepe imodzi imatha kufika mamita 7, mphuno ndi mapapo ake ndi zazikulu kuti mpweya uzilowa wambiri, ndipo mchira wautaliwo amauponya uku ndi uku kuti asagwe pokhota. Akaipeza nyamayo amaikola mwendo kapena thako ndi chikhadabo chakuthwa chimene chili chakumtunda m'kati mwa mwendo wakutsogolo, ikagwa amailuma pakhosi n'kugwiritsa mpaka itasiya kupuma. Nsagwada zake ndi zazing'ono ndipo mano ake ndi aafupi, choncho sangathyole khosi, amangotseka njira ya mpweya, ndipo zimenezi zimatenga mphindi zingapo.

Chimene muyenera kuchita pa nthawi yonseyi ndi kukhala pamene muli. Musaike galimoto pakati pa iye ndi nyama imene akuiwenderera, musamutsatire pambuyo akayamba kuyenda, musaimirire n'kutulutsa thupi kunja, ndipo musalize injini mpaka zonse zitatha. Nswala zikadzidzimuka ndi phokoso lanu n'kuthawa, inu mwangotaya chithunzi, koma iye wataya chakudya cha tsikulo, ndipo ngati ndi mayi woyamwitsa, ana ake ndi amene alipire. Ndi bwino kuona kusakako muli patali ndi magalasi kusiyana ndi kukhala pafupi n'kukulepheretsa.

Akapha, musaganize kuti tsopano mwamasuka kuyandikira. Iyi ndi nthawi imene ali wofooka kuposa ina iliyonse. Amakhala ali wefuwefu, akupuma mwina ka 150 pa mphindi, ndipo angafunike kupumula mpaka theka la ola asanayambe kudya. Ngati pali chitsamba pafupi amakokera nyamayo pamthunzi kuti miimba isaione, chifukwa miimba ikatsika, mikango ndi afisi zimadziwa kuti pali nyama. Akayamba kudya amayambira kumatako kumene kuli mnofu wambiri, amadya mofulumira, ndipo amadzutsa mutu pafupipafupi. Fisi mmodzi yekha akhoza kumulanda, ndipo iye kawirikawiri amangochoka osalimbana. Ena amati ndi mantha, koma ine ndimaona kuti ndi nzeru zopulumukira: mkango wovulala mwendo ukhoza kudya zimene anzake apha, pamene kakwiyo wotsimphina, amene kawirikawiri sadya zofa zokha kapena kubwerera ku nyama imene anaisiya, amafa ndi njala. Magalimoto akamuzinga mbali zonse amamutsekera maso kuti asaone adani akubwera, ndipo ena amasiya nyama asanakhute. Siyani mbali imodzi yotseguka, lankhulani motsitsa, ndipo ngati magalimoto achuluka, khalani woyamba kuchoka.

Kuwerenga gulu limene mwapeza

Akakwiyo amakhala mosiyana ndi nyama zina za mtundu wa mphaka, ndipo mukadziwa kakhalidwe kawo mudzatha kunena chimene mukuona. Wamkazi wamkulu amayenda yekha kapena ndi ana ake, alibe malire amene amawateteza, ndipo amatsata kumene nyama zapita, moti ku Serengeti ku Tanzania dera la wamkazi mmodzi limafika masikweya kilomita pafupifupi 800. Aamuna ndi amene amagwirizana awiri kapena atatu, kawirikawiri apachibale obadwa tsiku limodzi, n'kukhala pamodzi moyo wawo wonse akuteteza dera laling'ono limene aakazi amakonda kudutsamo. Amaika chizindikiro pokodzera mitengo, miyala ndi chulu, ndipo amabwerera pamalo omwewo mobwerezabwereza, choncho wotsogolera alendo akakuonetsani mtengo wotere, ndi malo abwino kuwayendera m'mamawa. Gulu la aamuna limatha kugwetsa nyama zazikulu zimene mmodzi sangazithe, ndipo ku Liwonde akakwiyo amadya nswala, mbawala, ngoma ndi anakodzwe. Mukaona gulu la aamuna ndi aakazi ofanana msinkhu, okhala ndi ubweya wotsalira pakhosi, amenewo ndi ana amene angosiyana ndi mayi wawo, ndipo amayenda limodzi miyezi ingapo aakaziwo asanapatuke.

Mayi wa ana aang'ono ndiye ayenera kupatsidwa mpata waukulu koposa. Bere la kakwiyo limatenga masiku pafupifupi 93, ndipo amaswa ana atatu, anayi kapena asanu nthawi zambiri, osaona, m'udzu wowirira kapena pansi pa chitsamba. Kwa masabata pafupifupi 8 anawo amakhala obisika, mayi akuwasiya okha akapita kosaka ndipo akuwasamutsa pakapita masiku ochepa. Pamsana pawo pamakhala ubweya wautali wotuwa umene umawabisa mu udzu, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti umawafanizira ndi chiuli, nyama yaukali imene zilombo zambiri zimaipewa. Ngakhale zili choncho ambiri amafa. Karen Laurenson, amene anatsatira mabanja a akakwiyo m'zigwa za Serengeti, anapeza kuti ana pafupifupi 5 okha pa 100 alionse ndi amene ankafika podziimira paokha, ndipo ambiri ankaphedwa ndi mikango. M'madera ena, monga ku Kgalagadi, nkhalango ya m'malire a Botswana ndi South Africa, opulumuka amachuluka kuposa pamenepo, koma palibe kumene kulera kakwiyo kuli kopepuka.

Kuti alendo amawonjezera vutoli si nkhambakamwa. Femke Broekhuis, atafufuza ku Maasai Mara ku Kenya, anatulutsa zotsatira mu 2018 zoonetsa kuti aakazi a m'madera odzaza magalimoto a alendo ankalera mwana wosakwana ndi mmodzi yemwe pa kuswa kulikonse mpaka kukula, pamene a m'madera a alendo ochepa ankalera oposa awiri. Choncho mukamva kuti wamkazi wina waswa, musapemphe wotsogolera alendo kuti akakuonetseni pobisalirapo, ndipo iye akakana musamuumirize ndi ndalama. Dikirani anawo ayambe kutsata mayi wawo, ndipo pamenepo mudzaona zinthu zokoma kuposa kale: kuthamangitsana kwawo, kukolana miyendo poseweretsana, ndiponso tsiku limene mayi amagwira mwana wa nswala wamoyo n'kumusiya patsogolo pawo kuti aphunzire kugwetsa ndi kuluma pakhosi. Maphunziro amenewa amatenga miyezi pafupifupi 18, kenako mayi amangochoka tsiku lina osabwereranso.

Za chitetezo chanu, kakwiyo wam'tchire amaopa munthu ndipo akamuona akuyenda pansi amathawa. Chimenechi si chifukwa chotsikira m'galimoto, pakuti mumuthamangitsa pachabe, komanso ku Liwonde ndi ku Majete kuli mikango, njovu, njati ndi zipembere.

Zimene mungachite ndi zimene mwaona

Kafukufuku amene Sarah Durant wa ku Zoological Society of London anatsogolera, amene anatuluka kumapeto kwa 2016, anayerekeza kuti padziko lonse patsala akakwiyo pafupifupi 7,100, okhala pa magawo 9 okha pa 100 a malo amene ankakhala kale. Kunja kwa Africa am'tchire enieni atsala ku Iran kokha, ndipo ndi ochepa zedi, pamene India, amene analengeza mu 1952 kuti akakwiyo ake atha, anachita kukatenga 8 ku Namibia mu 2022 n'kukawaika m'nkhalango yotetezedwa ya Kuno. Pali vuto linanso la m'magazi: akakwiyo onse ndi ofanana kwambiri chibadwa chawo chifukwa kalekale anatsala ochepa, ndipo gulu laling'ono lokhala m'nkhalango yotchingidwa ndi mpanda likhoza kuyamba kuberekana pachibale. N'chifukwa chake oyang'anira nkhalango amasinthanitsa akakwiyo pakati pa malo osiyanasiyana, ndipo amafunika kudziwa kuti uyu ndi ndani, anabadwa kwa ndani, ndipo ali kuti.

Apa mlendo wamba akhoza kuthandiza. Madontho a kakwiyo aliyense ndi akeake, makamaka a pankhope, a m'kati mwa miyendo yakutsogolo, ndi mizere yozungulira kumapeto kwa mchira. Mukamajambula, yesetsani kupeza chithunzi cha mbali yonse ya thupi, cha kumanzere ndi cha kumanja ngati n'kotheka, ndi china cha mchira. Lembani tsiku, nthawi, malo, chiwerengero chawo, ngati ndi aamuna kapena aakazi, ndi chimene amachita, ndipo potuluka muwauze a ku ofesi ya nkhalangoyo. Mukaona wina atavala lamba pakhosi musadandaule kuti wakuwonongerani chithunzi, chifukwa lambayo ndi amene amathandiza alonda kudziwa msanga nyama ikatuluka mpanda kapena ikakodwa. Mukaona yotsimphina, ya bala lozungulira khosi, chiuno kapena mwendo, nenani nthawi yomweyo osadikira madzulo, pakuti bala lotere kawirikawiri ndi la khwekhwe la waya limene opha nyama mozemba anatchera nswala, ndipo waya umalowa m'mnofu tsiku ndi tsiku.

Poika zithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp, musatchule malo enieni amene mwaona mayi ndi ana. Ndipo mukapita kumayiko kumene amalipiritsa alendo kuti anyamule kapena kusisita ana a kakwiyo, kanani. Ana ambiri amabedwa m'tchire la kumpoto chakum'mawa kwa Africa, kudutsa ku Somaliland, n'kukagulitsidwa ku mayiko a Aluya ngati ziweto za anthu olemera, ambiri amafera m'njira, ndipo chithunzi chilichonse cha munthu atakumbatira kakwiyo chimakopa wina kufuna wake.

Kwa amene amakhala m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, kakwiyo akatuluka mpanda chofunika ndi kudziwitsa alonda mwachangu, kutsekera mbuzi ndi ana a ng'ombe m'khola lolimba, ndi kusamuthamangitsa ndi agalu kapena kumuthirira poizoni pa nyama, popeza poizoniyo amaphanso miimba yambiri nthawi imodzi, ndipo kupha nyama yotetezedwa ndi mlandu. Ku Namibia, kumene akakwiyo ambiri amakhala m'mafamu a ziweto, bungwe la Cheetah Conservation Fund limene Laurie Marker anayambitsa mu 1990 lakhala likupereka kwa alimi, kuyambira mu 1994, agalu akuluakulu a mtundu wa Anatolian amene amakulira pakati pa mbuzi n'kumazilondera kubusa. Galu wotere sachita kumenyana ndi kakwiyo, amangouwa ataima pakati pa iye ndi ziweto, ndipo kakwiyo, posafuna kuvulala, amabwerera kukasaka nyama zam'tchire.